Nyimbo Yobwezedwa ku Fakitale

Loweruka limenelo masana, Namagetsi analowa m'nyumba ya bambo ake akuvina, gitala kumsana, nsapato imodzi yomasuka chingwe, pakamwa posatsekeka ndi chimwemwe. Dzinali anam'patsa ndi anthu a mumsewu mwawo chifukwa cha gitala yake yamagetsi, imene ikangolira agalu onse ankayankha. Bambo akewo ankadziwika kuti a Chidindo, poti anakhala zaka makumi atatu pa fakitale ya maketulo, ntchito yawo kuyesa ketulo iliyonse n'kuidinda kuti yapambana kapena yakanidwa.

Mwanayu ankaimba roko yekhayekha, nyimbo zija za phokoso la magitala ndi ng'oma, ndipo si roko wamba ayi, ndi wake wamakani uja wosafuna kufanana ndi wa munthu. Nyimbo yake yodziwika inali imodzi basi, ya "Basi Yandisiya", ndipo tsikuli amaitulutsa kachinayi. Folo koloko ku holo kumabwera mayi wosankha oimba a pa chionetsero chachikulu cha chaka, kudzaona ndi maso ngati mtsikanayu ali ndi anthu. Holo ikadzaza, walowa. Ikakhala pululu, abwerere kukaimbira agalu aja.

"Bambo! Bambo inu! Mwandimva pa wailesi?"

"Wailesi ndinathimitsa," anatero a Chidindo. Anali atakhala patebulo, tayi pakhosi, katoni patsogolo pawo. "Ndimagwira ntchito."

"Aaa, mwaphonya! Ndalengeza anthu onse akumva. Aliyense amene ali ndi chimbale changa choyamba chija abwere nacho, chimbalecho ndiye tikiti yake. Anthu makumi asanu, bambo, anthu anga enieni, mizere yonse yakutsogolo, atakweza zimbale m'mwamba chonchi!" Anatola chivindikiro cha ketulo n'kuchikweza, akuzungulira ndi mwendo umodzi. "Mayi uja akadzaona zimenezo adzangogwira cholembera."

"Bwezera chivindikirocho. Inenso ndili ndi nkhani yabwino."

"Nenani, lero ndi tsiku la nkhani zabwino!"

"Ndamaliza."

"Mwamaliza chiyani?"

"Zonse zabwera. Makumi asanu, palibe chosowa."

Anatsegula katoni ija mwaulemu, ngati muli mazira. Namagetsi anasuzumira akumwetulirabe. Munali zimbale zofola bwinobwino, zokutidwa m'mapepala achikasu amene Namagetsi anadula yekha ndi sizasi zaka ziwiri zapitazo, chilichonse chili ndi nambala yolembedwa ndi dzanja lake. Abale inu, kumwetulira kuja kunatsala pankhope kokha, mwini wake atachokapo kale.

"Izi n'chiyani?"

"Katundu wolakwika."

"Izi ndi zimbale zanga zoyamba!"

"Ndi zomwezo."

"Zikutani muno? Zimayenera kukhala m'nyumba za anthu!"

"Ndakazitenga. Milungu itatu panjinga, mwanawe. Usandithokoze, ndi udindo wa kholo."

Namagetsi anavula gitala n'kuitsamiritsa pampando, pang'onopang'ono, kuopa kuti manja angachite zina.

"Bambo, tayambani poyambira."

"Poyambira ndi apa. Nyimboyi unaitulutsa kangati?"

"Lero ndi kachinayi."

"Eya. Ku fakitale, ketulo ikatuluka kachiwiri ndiye kuti yoyamba inali ndi vuto. Yoyambayo timaiitanitsa ibwerere, tisanachite manyazi. Iwe watulutsa kanayi konse, yoyamba ikadali m'manja mwa anthu. Ine tulo ndinalibe."

"Nyimbo si ketulo!"

"Zonse zimalira."

"Yoyamba ilibe vuto lililonse!"

"Nanga yachiwiri unapangiranji?"

"A wailesi amafuna ya mphindi zitatu. Yoyamba ndi ya mphindi zisanu ndi imodzi."

"Ndiye makasitomala anadandaula, iwe n'kudula."

"Sanadandaule! Anapempha bwinobwino."

"Kumeneko ndi kudandaula kwa anthu ophunzira. Yachitatu?"

"Yachitatu ndi ya gitala yopanda magetsi. Yofatsa."

A Chidindo anagwedeza mutu mwachisoni. "Chinthu ukachichotsa magetsi ndiye kuti magetsiwo anavulaza munthu. Anali ndani? Banja lake unalipepesa?"

"Palibe anavulala! Bambo, ndi nyimbo imodzi yomweyo, imangosintha zovala. Zonse n'zabwino. Yoyamba ndi yabwino, yachiwiri ndi yabwino, yachitatu ndi yabwino!"

"Chinthu chabwino sachipanganso."

"Ine ndinafuna!"

"Wonena choncho ku fakitale tinkam'patsa tchuthi akapume."

Namagetsi anasolola chimbale chimodzi m'katonimo. Nambala seveni. Pankhope pake penipeni, pa chithunzi chimene anajambulitsa atatupitsa tsitsi, panali chidindo chofiira psuu: YAKANIDWA.

"Mayo ine! Mwandidinda pamphumi!"

"Ndi pamene panali malo."

"Zonse?"

"Zonse. Inki inandithera pa nambala sate, ndinakagula ina."

"Nanga munadziwa bwanji amene ali nazo?"

"Kabuku kako kaja, kamene unalembamo mayina. Pamenepo pokha ndinakunyadira. Wopanga katundu wosunga mayina a makasitomala ngosowa masiku ano."

"Ndipo anthuwo anangokupatsani? Osakana?"

"Kukana? Iii!" A Chidindo anawongola tayi. "Anthu ako ndi ovuta, mwanawe. Wometa tsitsi wa pafupi ndi siteshoni anati chimbale chake chichoka iye atafa. Ndinakhala pampando wake wometera kuyambira m'mawa, osasuntha. Makasitomala anafola mpaka panja. Itakwana thu koloko anachipereka, misozi ili mbwembwembwe."

"Analira?" Namagetsi anagwira pachifuwa. Mtima wa woimba ngwachilendo ndithu: pakati pa tsoka lonseli, unadumpha ndi kukondwa. "Analirira nyimbo yanga?"

"Kwambiri. Ndinam'limbitsa mtima kuti si iye yekha amene ananamizidwa."

"Bambo!"

"Namwino wa nambala naini anachibisa m'pilo. Anati chimam'thandiza akaweruka atatopa. Ndinamuuza kuti munthu wa chipatala sayenera kudzipatsa mankhwala osayesedwa."

"Ati chimam'thandiza? Ananena choncho? Mawu ake enieni?"

"Woyendetsa lole wa nambala twente ndinam'tsatira mpaka pomwetsera mafuta. Uja anandithamangitsa ndi sipanala. Ndinabwereranso mawa lake, ndi mkuja wake."

"Anthu anga!" Namagetsi anaseka, kenaka n'kukumbukira, kuseka kuja n'kuzima. "Anthu anga mwawalanda matikiti!"

"Sindinalande. Aliyense ndinam'siyira kalata."

"Kalata yanji?"

Anatulutsa pepala m'thumba la shati, lopindidwa kanayi, n'kum'patsa. Namagetsi anawerenga mokweza.

"'Wokondedwa kasitomala, tikupepesa kuti katundu amene munalandira kwa mwana wanga wapezeka ndi zolakwika zitatu. Choyamba, pa mphindi yachinayi gitala ikulira ngati chitseko chosowa mafuta.' Bambo! Kulira kumeneko ndi kwadala! Ndinakhala masiku atatu ndikukusakasaka!"

"Ukanandifunsa ine. Chitseko cha kubafa chimatero ulere."

"'Chachiwiri, mawu a woimba akusweka pamene akunena za basi.' Amayenera kusweka! Munthu basi yam'siya, ayimbe ngati ali pa ukwati?"

"Akanalawira."

"'Chachitatu, nyimbo ikutha mwadzidzidzi, yosatsanzika.'" Anaponya pepala patebulo. "Ndiye roko ameneyo! Amatha choncho!"

"Ngakhale mlendo woipa amatsanzika."

"Kalata imeneyi mwapatsa anthu makumi asanu?"

"Makumi anayi ndi asanu ndi anayi, ndi ine."

"Inu?"

"Nambala wani unandipatsa ine, waiwala? Ndinadzilembera kalata, ndinaiwerenga, ndinapereka chimbale. Sindinavute ngati anzanga aja."

Namagetsi anayang'ana kudenga ngati kumeneko kuli wom'thandiza. Kunalibe.

"Ya pa wailesi yokha ndiyo yandikanika," anapitiriza a Chidindo modandaula. "Inalowa kale m'makutu mwa anthu. Ya pa intaneti ndinafunsa kuti ofesi yawo ili kuti, aliyense amangondiseka. Koma ndikadafufuzabe."

"Musafufuze! Chonde, musafufuze chilichonse!" Anayang'ana wotchi ya pakhoma. Wani koloko inali itadutsa. "Chabwino. Ndikwera njinga yamoto, ndizibweza ndekha, khomo ndi khomo. Ngakhale makumi awiri okha. Patseni katoniyo."

A Chidindo ananyamula katoni, n'kuiika pansi, n'kuikhalira.

"Katundu wokanidwa satuluka pageti."

"Lino si geti, ndi pabalaza!"

"Lamulo silisankha chipinda."

"Dzukani, bambo."

"Ayi."

"Muziphwanya!"

"Ndiye ntchito yake imeneyo. Katundu wokanidwa amaphwanyidwa. Nyundo ndabwereka kale, ili kukhonde."

"Nyundo!"

"Koma osadandaula, sindingayambe popanda chilolezo cha wopanga." Anapisa m'thumba lina n'kutulutsa fomu, atakhalabe pakatoni. "Saina apa, ndi apa. Deti ndalemba kale."

"Sindisaina!"

"Ndiye tikhala."

"Tikhala!"

Namagetsi anagwira katoni mbali ina n'kukoka. A Chidindo anagwira mwendo wa tebulo. Katoni inasuntha, bambo anasuntha nayo, tebulo linatsatira, makapu akugundana pamwamba. Anayenda choncho onse, mwana, bambo, katoni ndi tebulo, mpaka pakati pa balaza.

"Ukukanda simenti," anatero a Chidindo modekha.

"Ndi nyimbo yanga!"

"Ndi simenti yanga."

"Inalibe vuto! Ilibe vuto! Sidzakhala ndi vuto mpaka kalekale!"

"Nanga yachinayi wapangiranji?"

Apa Namagetsi anasiya. Anakhala pansi pomwepo, miyendo tambalala, tsitsi lili nyankhalala. Chimwemwe chonse chimene analowa nacho chinali chitatha, ndipo anamva chisoni chenicheni. Zaka ziwiri akuimba m'malo odyera anthu akutafuna osam'yang'ana, zaka ziwiri akunyamula yekha sipika pamutu, ndiye mwayi umodzi wokhawu uthere m'katoni yokhaliridwa ndi bambo ake om'bala.

"Mwandiphera tsiku, bambo," anatero motsitsa. "Ndawauza kuti chimbale ndiye tikiti. Alibe zimbale. Ali ndi kalata yonena kuti ndine wolephera. Abwera ndani? Mayi uja apeza mipando yokhayokha, ine ndikuimbira wosesa."

A Chidindo anam'yang'ana pamwamba pa magalasi, odabwa zenizeni.

"Mipando yokhayokha bwanji? Nanga akalandirira kuti?"

"Akalandira chiyani?"

"Cholowa m'malo. Iwe, umaganiza kuti fakitale imangotenga katundu wa munthu n'kum'siya manja lende? Ndife akuba ife? Werenga kalatayo mpaka pansi. Vuto lanu ana inu ndi limeneli, mumawerenga pokuwawani pokha."

Namagetsi anakwawa n'kukatola pepala lija.

"'Chimbale chatsopano mudzalandira Loweruka, folo koloko, ku holo. Kasitomala abwere yekha, osatuma munthu.'" Anaima. "Ku holo? Holo yanga?"

"Ndinaona pa chikalata chako chomata pamtengo kuti udzakhala kumeneko ndi zimbale zatsopano. Ndinati tisavutike kawiri. Pitiriza."

"'Abwere ndi mboni ziwiri, anthu akuluakulu.' Mboni?"

"Kusinthana katundu popanda mboni ndi chiyambi cha milandu."

"Aliyense mboni ziwiri?"

"Ziwiri. Woyendetsa lole anafunsa ngati angabwere ndi zinayi, poti sakundikhulupirira. Ndinamulola."

"'Katundu watsopano adzayesedwa pamaso pa onse ndi wopanga mwini wake. Palibe wololedwa kutuluka kuyesako kusanathe.'"

"Ndiye kuti uyimba," anafotokoza a Chidindo. "Iwo amvetsera mpaka pamapeto, kenaka asaina."

Namagetsi anayamba kuwerenga ndi zala. Zala zinatha, anayambiranso.

"Makumi asanu, aliyense ndi anthu awiri. Bambo, amenewo ndi anthu zana limodzi ndi makumi asanu."

"Ndi awiri ena a woyendetsa lole."

"Holo ija imalowa anthu zana limodzi ndi makumi awiri!"

"Ndiye vuto lina limenelo. Ndilembe?"

"Koma abweradi? Mukutsimikiza?"

"Abwera. Wometa tsitsi wati atseka shopu. Wati akufuna adzandiyang'ane m'maso pomwe ndikum'patsa chinacho. Namwino wasinthana ntchito ndi mnzake. Onse ngokwiya kwambiri, mwanawe, sangalephere."

Nthawi yomweyo foni inanjenjemera m'thumba la Namagetsi. Unali uthenga wa woyang'anira holo. Anauwerenga kamodzi chamumtima, kachiwiri mokuwa.

"'Anthu ayamba kale kufola panja. Ena akufunsa kuti mboni zikhala mbali iti. Ndakabwereka mabenchi kusukulu. Kodi kuli mlandu wanji?'"

Anadzuka ngati wakhala pa singano. Anakuwa, analumpha, anazungulira tebulo kawiri, anawapsompsona bambo ake padazi, iwo n'kupukutapo ndi mpango mwamsanga.

"Afola! Wani koloko, afola kale! Bambo, ndinu munthu woopsa! Mayi uja sapeza n'pokhala pomwe!"

"Abwere ndi mpando wake. Iye ndi mboni ya ndani?"

"Ya ine! Ayi, ya inu! Kaya!"

"Zanga zilipo kale. Ndapempha abusa ndi wokonza njinga."

Namagetsi anaseka mpaka kugwira khoma. Kenaka anatembenuka, maso akuwala moopsa. Anakoka mpando n'kukhala moyang'anizana ndi bambo ake, amene anali akadali pakatoni.

"Bambo, tamverani. Mwezi wamawa nditulutsa yachisanu."

"Yachisanu?"

"Eee. Ndipo zimbale zatsopanozi ndapanga mazana awiri. Mazana awiri, aliyense mboni ziwiri. Tidzafuna bwalo la mpira! Njinga ndikukonzerani, inki ndikugulirani botolo lalikulu. Inu mungolemba kalata ina, kuti yachinayi nayonso yapezeka ndi zolakwika."

"Sindingathe."

"Bwanji?"

"Ilibe."

"Ilibe chiyani?"

"Vuto. Chimbale chija unandisiyira Lachiwiri ndachiyesa."

"Aaa, bambo, muli mavuto ambirimbiri mmenemuja! Gitala ikuliranso ngati chitseko, kuposa poyamba!"

"Ndinamva."

"Mawu akusweka!"

"Akusweka."

"Ikutha yosatsanzika! Ndi zomwe zija zitatu, ndangowonjezera ng'oma!"

"Ukunama, mwanawe, si zomwe zija." A Chidindo anavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta ndi nsonga ya tayi. "Ndinakhala pompano, pepala apa, cholembera apa, wotchi apa. Ndinaimvera kanayi. Ikafika paja mawu akusweka, magalasi amachita nkhungu, osaona polemba. Ndinati mwina ndi magalasi. Ndinawayesa, ngabwinobwino. Ndinayambiranso, chimodzimodzi. Kanayi konse pepala linatsala loyera." Anavalanso magalasi aja n'kuyang'ana kumbali. "Pazaka makumi atatu sindinadindepo bodza. Yapambana. Waimba, mwana wanga."

Namagetsi anawayang'anitsitsa bambo ake. Chiyambire kugwira gitala ali ndi zaka khumi ndi ziwiri, bambowa anali asananenepo mawu amenewo. Chachikulu chimene ankanena chinali chakuti achepetse phokoso. Mtsikanayu anamva kukoma mpaka m'mafupa, misozi n'kuyamba kutsika yokha, kusakaniza ndi utoto wakuda wa m'maso. Anafwenthera, anapukuta ndi mkono, anawagwira dzanja bambo ake n'kulifinya.

"Zikomo, bambo," anatero. "Koma chonde, kaimvereninso kachisanu. Katswiri ngati inu simungasowemo kavuto ngakhale kamodzi."